Thumba la Makatoni Tayamba Kulidzazanso, Amayi

MAYI BERNADETTA CHIKAONDA
Anatisiya pa 9 Juni 2022

Lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni, amayi.

Sukulu ya mkaka ija munayambitsa pakhonde pathu ku Old Town ikadalipo, ndipo ana alipo khumi ndi anayi. Tikukumbukabe mukubwera kuchokera ku msika wa Tsoka mutasenza makatoni otayidwa, ife manyazi atatigwira pamsewu, inu osalabada. Mukakhala pamkeka ndi sizasi yanu, chozungulira chinkatuluka bwinobwino ngati mwachita kudinda ndi mbale, chonsecho simunkayamba mwajambula. Ana ankamata zodulazo ndi phala la ufa wa chinangwa. Cha makona atatu pamwamba pa cha makona anayi, nyumba yatha. Kuchotsa denga n'kuika zozungulira ziwiri pansi, yasanduka minibasi. Mwana wodutsa m'manja mwanu akapatsidwa samusa ankayamba wawerenga makona asanalume.

Bambo amainolabe sizasi ija Loweruka lililonse, ngakhale kuti zaka zonsezi panalibe woigwira. Munatisiyira thumba lodzaza ndi zodula zanu, ndipo Evelesi, chitsirizira wanu, wakhala akuphunzitsa ndi zomwezo, kumatapa pang'onopang'ono ngati mchere. Ankati dzanja lake silingafanane ndi lanu, ndipo anatiuziratu kuti thumba likadzatha adzatseka sukulu. Mwezi wathawu zozungulira zinatha.

Lolemba lapitali Evelesi anaitenga sizasi ija. Chimene chinatuluka, abale inu, sichinali chozungulira ayi: chotupa kuno, chosongoka uko. Anafuna kuchiponya m'dzala, koma anakumbukira lamulo lanu lija, loti chokhota sataya usanafunse mwana kuti akuonapo chiyani. Mtendere, mdzukulu wanu amene munamusiya ali kumsana, anachiyang'anitsitsa n'kunena kuti ndi peyala, pomwepo n'kulipaka utoto wobiriwira. Evelesi anaseka mpaka misozi. Ifenso tinalira, chifukwa kuseka kuja kunali kwanu kwenikweni, ndipo tinakusowani kwambiri.

Sukulu sitikutseka. Thumba tayamba kulidzazanso, kungoti mapeyala achuluka kuposa zozungulira.

Uusebe mumtendere mzimu wanu, amayi. Kukuiwalani ndiye ayi, sitidzatero.

Ndife amuna anu a Gladson, ana anu Wilbert ndi Evelesi, ndi mdzukulu wanu Mtendere.