Chilombo Chija Chinali cha Mphira

Limbe
9 Febuluwale 1987

Okondedwa achemwali a Rute,

Landirani moni kuchokera kuno ku Limbe. Kodi muli bwanji ku Milondeko, inu ndi alamu ndi ana? Mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Ndikulemba nditakhala pa masitepe a nyumba ya kanema, tsache lili pambali.

Ntchito ndi yomwe ija, kusesa ndi kung'amba matikiti pakhomo. Mvula yagwetsa bafa komwe ndikuchita lendi, koma zimenezo n'zazing'ono.

Dzulo ndinakumana ndi a Jailos, aja amabweretsa nanazi kumsika kuno, ndipo ndi amene akupatsireni kalatayi. Andiuza kuti ku sikelo anamwino anamuyeza mkazi wanga Esteri n'kupeza kuti mwana wagona chopingasa. Anamulembera kuti apite msanga akadikirire kuchipatala ku Boma. Patha masabata awiri, Esteri adakali pakhomo. Akuti mayi ake akaniratu, ati mwana wawo sakalowa m'manja mwa anthu a majekete oyera, poti mkamwini wawo anaona ndi maso ake zimene anthuwo amachita. Mkamwiniyo ndi ineyo, achemwali, pakamwa panga pomwepa.

Pa Khirisimasi paja, titaweruka kutchalitchi, ndinakhala pakhonde kwa apongozi ndi alamu anga a Spencer ndi anzawo. Ndinkawafotokozera kanema amene tinaonetsa kuno mu Novembala. Madokotala a kunja anatenga magazi a mayi woyembekezera, n'kusakaniza ndi a ng'azi m'kabotolo, n'kumubaya nawo. Mwana anabadwa ndi mamba, anakula m'masiku atatu, n'kuyamba kudya anthu m'chipatalamo. Inu mumandidziwa, nkhani ikandikomera ndimathira mchere wambiri. A Spencer atafunsa ngati zoterozo zingatheke, ndinadziguguda pachifuwa kuti ndaziona ndi maso angawa kasanu ndi kawiri. Ndinawafunsanso kuti akudabwa chiyani, si ku nazale ya tiyi amadula katsamba kamodzi kamodzi n'kutulutsa zitsamba zofanana ngati mapasa, popanda njere? Ndinati azungu amene atha tiyi, munthu sangawakanike.

Apongozi anali kuseri kwa mpanda akusenda chinangwa, poti sakhala pamodzi ndi mkamwini. Ndinaiwala kuti iwowo agwira ntchito ku nazale ya esiteti zaka khumi ndi zinayi, akudula timasamba timeneto ndi manja awo. Kwa iwo sinali nthano ayi.

Achemwali, chilombo chija n'cha mphira. Bambo amene amayendetsa makina a kanema anandionetsa msoko pakhosi pake, m'kati mwake muli munthu wangovala. Madokotala aja ndi anthu a sewero, ngati ana a Sande sukulu akamavala ndevu za thonje. Zonsezi ndinkazidziwa tsiku lomwe ndinkafotokozalo. Ndinkangofuna aone kuti mkamwini wa m'tauni amadziwa zinthu.

Abwana andikaniza tchuthi, ati ndikachoka ndisabwerenso. Loweruka ndikalandira ndikwera basi, ntchito ithe ngati ikutha. Koma Loweruka ndi kutali, mwezi wa Esteri ndi uno. Ndipo ngakhale ndifike, ndingawayang'ane bwanji apongozi kumaso n'kuwatsutsa? Adzangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ikangofika siyani khasu, mutengane ndi malume a Lenard poti ndiwo ankhoswe, mupite kwa apongozi. Mukawawerengere yonse, musadumphe pamene pakundichititsa manyazi. Mukawauze kuti Bonface ndi wabodza, wodzitama, chitsiru chenicheni. Akafuna nkhuku ya chipepeso ndidzapereka, akafuna kundithamangitsa pamudzi andithamangitse, bola Esteri akwere basi. Musaiwale makhadi a chipani, mungabwezedwe panjira.

Ndikuopa, achemwali. Mwana wathu woyamba uja anapita asanalire n'komwe, inu munalipo. Ndikuopa kuti uyu angapite pamodzi ndi mayi ake chifukwa cha nkhani yanga yosangalatsa anthu pakhonde.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu a Isake, kwa malume ndi azakhali, ndi kwa ana onse. Kwa apongozi mukagwade m'malo mwanga. Koma moni wa Esteri musamupatsire pakhomo ayi. Muusunge, mukamupatse atakhala pabedi ku Boma, ndipo mukamuuze kuti Loweruka ndikamufunira kumeneko, osati kumudzi.

Ndine mlongo wanu wamanyazi,
Bonface