Katani Imene Sindinakoke

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa cha kamtsikana kanu chija chinatha? Kuno tadzuka, koma ine ndatopa, kutopa kosatha ndi tulo. Miyendo yatupa ndi kuyima mu wodi tsiku lonse.

Pa foni ndinakuuzani kuti amayi akukana opaleshoni ya chotupa cha m'bere chija chifukwa choopa mpeni. Ndinakunamizani. Amayi athu aja, obereka ana asanu, n'kuopa mpeni? Akukana chifukwa cha ine.

Mwezi watha tinali ndi mayeso a ufulu wa odwala. Pokonzekera, amayi ndiwo ankandigwirira kope m'khitchini, magalasi ali pamphuno, ine ndikulakatula. Choyamba, wodwala afunsidwe asanagwidwe. Chachiwiri, asavulidwe pagulu. Chachitatu, akhoza kukana ophunzira. Ndikadumpha chimodzi ankandimenya ndi kope pamutu kuti ndibwereze, mpaka anaziloweza kuposa ine. Nditakhoza, analengeza kwa aneba onse.

Kenako anagonekedwa pa chipatala chomwe timaphunzirira kuti awapime. Lachiwiri m'mawa tinalowa mu wodi ophunzira khumi ndi awiri, tili pambuyo pa dokotala wamkulu amene timawatcha a Chimphepo, poti sayima ndipo moni sapereka. Sindinkadziwa kuti amayi awasamutsira mmenemo. Ndinangoona tayima pa bedi la pakona, ogona pamenepo ndi iwo.

A Chimphepo sanawafunse kanthu. Anangowavula mpaka m'chiuno, n'kutiuza kuti aliyense agwire amve kulimba kwa chotupacho. Anyamata, atsikana, mmodzimmodzi. Katani inali yosatseka, odwala ena ndi owadwazika maso ali pamenepo. Katani imeneyo, achemwali, inali pafupi ndi dzanja langa. Kungokoka basi.

Sindinakoke. Ndinaganiza za malikisi, poti a Chimphepo ndiwo amasaina mabuku athu, ndipo mnzathu amene anawatsutsapo chaka chatha akubwereza kalasi. Amayi anandiyang'ana kamodzi, kenako anayang'ana kudenga. Sananene kuti ndine mwana wawo. Itakwana nthawi yanga ndinagwira ngati anzanga, funso n'kuyankha molondola.

Atatuluka sanandikalipire, bola akanatero. Patatha masiku atatu, akupinda zovala, anangoti iwo anakhala chete kuti asandiwonongere sukulu, koma ankadikira kuti ine nditchule chachiwiri chija. Anandifunsa ngati zonse zimene ankandigwirira kope zinali za mayeso okha. Manyazi anandigwira mpaka lero.

Tsopano akuti kumeneko sapondakonso. Opaleshoni ndi Lachinayi la sabata yamawa. Likadutsa tsikuli tidikira miyezi, chotupa chikukula. Ndachonderera mpaka mawu andithera.

Dzulo ndinapita kwa namwino wamkulu wa wodiyo n'kufotokoza zonse. Alonjeza kuti pa bedi la amayi sipafika wophunzira popanda iwo kuvomera. A Chimphepo amva, ndipo buku langa sanasaine. Kaya, zioneka, ndilibenso mphamvu zodandaula.

Chonde aimbireni amayi, inu amakumverani. Musandiikire kumbuyo, musanene zoti ndine mwana. Angopita basi. Ndinawalonjeza kuti ulendo uno ndidzayima pa katani ndekha. Anayankha kuti ngati angapite, poti ufulu wokana ophunzira ali nawo, woyamba kumukana ndine.

Ndavomera, achemwali. Ndidzadikira pakhonde.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni, ndipo mutikumbukire Lachinayi.

Ndine mng'ono wanu,
uja mumamutcha Adokotala