Lekodi Yanga pa Njinga ya a Mwanza

Loweluka madzulo, Petauke. Kunja kwatentha, ndipo ine mtima wandiwawa tsiku lonse.

A Mwanza, mphunzitsi mnzanga, abweza lekodi yanga ya nyimbo za roko imene mlongo wanga ananditumizila kuchokela ku Kitwe. Anaibweleka dzulo kuti akaimvele kwao ku Kalindawalo. Lelo aimangilila ndi malegeni kumbuyo kwa njinga, pamwamba pa thumba la nshawa, dzuwa lili paliwombo. Yafika yopindika ngati chipewa.

M'malo mopepesa, ayamba kundiphunzitsa za nyimbo. Akuti gitala ikulila ngati mavu m'chitini, ndipo nyimbo imodzi yadya mbali yonse ya lekodi popanda poti munthu n'kuvina. Ndawauza kuti zimenezi timamvela titakhala pansi. Iwo akuti zokhala pansi ndi za kuchalichi.

Ndaiika pa galamafoni kuti amve okha zimene achita. Singano imangokwela ndi kutsika, woimba ngati waledzela. Amvetsela mpaka kumapeto, kenaka akuti, "Aphunzitsi, ine sindikumva kusiyana."

Tsopano ndaitsindika ndi mabuku olemela. Ikapanda kuwongoka, Lolemba kusukulu ine ndi a Mwanza tidzaonana...