Nkhope ya amake Zahra

Lamulungu, 14 Julayi

Zahra wayimba foni. Watsimikiza kuti Loweruka abwera ndi galimoto kudzatenga amake, akakhale nawo ku Lilongwe kufupi ndi madokotala. Akuti miyezi itatu yokha. Miyezi itatu ya ana athuwa ndimaidziwa.

Mutu wa akazi anga, a Mwanaisha, ukugwedezeka wokha chaka chachinayi tsopano, ngati munthu amene akukana chinthu tsiku lonse. Manja anganso ayamba. Koma ine nditsala, nyumba singatsekedwe mpunga uli m'matumba.

Ndawerenga masiku pa zala. Asanu ndi limodzi. Kenako kwandibwerera chinthu chochititsa manyazi, n'chifukwa chake ndikuchilemba muno osauza munthu. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndinayenda pa njinga kamera ili pakhosi, kuyambira pa boma mpaka ku Dwambazi. Maukwati, ana a sukulu, asodzi ataima pambali pa bwato latsopano. Nkhope za anthu a kuno zili m'makoma a eni ake chifukwa cha ine Habibu. Ya mkazi wanga ndilibe.

Filimu inkakhala ya zithunzi 36, chilichonse ndi mwini wake. Ndinkati mawa. Iwonso ankati, jambulani alendo, ine ndilipo.

Lolemba, 15 Julayi

Ndawafunsa titamwa tiyi. Ndinazungulira kaye, za mwera, za nkhuku, kenako n'kunena za chithunzi.

Akuti, "Abambo ake a Zahra, mukufuna mitu ingati? Iwiri kapena itatu?"

Ndinadziwa kumene akuloza. Chaka chatha pa ukwati wa ku Malengachanzi wina anawajambula ndi foni mu tenti. Mutu unatuluka pawiri. Foniyo inayenda dzanja ndi dzanja kumbali ya amayi, akuseka mogwira pakamwa. Chichokereni kumeneko akaona foni yakwezedwa amakoka mpango kuphimba nkhope.

Ndatulutsabe kamera yanga mu sutikesi. Galasi lachita nkhungu mkati. Ndaikweza pa diso kuyesa pa mtengo wa mango, mtengo ukuvina. Si mtengo. Ndaibwezera.

Lachiwiri, 16 Julayi

Mphepo ya mwera tsiku lonse. Mawondo akuwawa.

Kwa a Rute, oyandikana nafe, kwabwera mwana wa mchimwene wawo, dzina lake Fyness, mayi wamkulu ndithu, ali ndi situdiyo yake ku Dwangwa. Akuyenda kujambula amayi ali pa ntchito zawo. Ndinamva a Rute akuseka m'chigafa chawo chosungira mpunga, chitseko chotseka masanasana, ndiye ndinapita.

Kamera yaima pa miyendo itatu. Fulashi siili pa kamera ayi, ili payokha uko pa ndodo yachitsulo, ndi ambulera yoyera, popanda chingwe. A Rute akupeta. Ndipo wojambulayo akuwauza kuti, "Musaime, amama, pitirizani." Ine zaka zonse zija mawu anga anali amodzi: musagwedezeke.

Wandionetsa pa galasi la kumbuyo kwa kamera. Lichero lafufutika, mpunga wasanduka mizere yoyera ngati mvula. Ndinamumvera chisoni. Ndinamuitanira pambali kuti a Rute asamve, n'kumuuza mwaulemu kuti mwanangu, zakuwonongekera, chikope cha kamera chikuchedwa kutseka. Ndikati chikope ndikunena chimene iwo amati shata.

Waseka, koma osati moipa. Akuti, "Yewo adada. Taonaninso nkhope."

Ndinavala magalasi. Nkhope ya a Rute ili gwa pakati pa mvula ija, mpaka kachipsera ka pa tsaya.

Pofuna kundionetsa bwino watulutsa ndodo ija panja kuti asinthe batire. Mwera wagwira ambulera, zonse pansi. Fulashi yapulumuka, mwendo wa ndodo wathyokera pa mfundo. Ndimomwe ndathandizira ine lero.

Lachitatu, 17 Julayi

Sindinagone bwino. Nkhope ya a Rute ija.

Fyness wabwera kudzapereka moni, ndamukhazika pakhonde. Ndamufunsa pang'onopang'ono ngati mwana wa sukulu, iyenso wandiyankha pang'onopang'ono. Ndilembe ndisanaiwale.

Malo akhale a mdima pang'ono. Chikope chimatsegula n'kukhala chotsegula theka la sekondi. Pa nthawi imeneyo chilichonse choyenda chimasiya mzere. Kenako chikope chili pafupi kutseka, fulashi imang'anima, n'kugwira nkhope pomwe yaipeza. Kung'animako n'kwachangu kuposa kugwedezeka kulikonse. Nkhope ikhale ku mdima, kuwala kwa pakhomo kugwere pa manja pokha.

Ndati nanga bwanji osaika fulashi pa kamera monga tinkachitira ife. Akuti, "Ikakhala pamenepo nkhope imaphwatalala ngati ya pa chiphaso. Ikachokera pambali, munthu amakhala ndi mphuno."

Ndamuuza za amake Zahra. Zonse, ndi za tenti zomwe. Sindinaziuzepo mlendo. Akuti iye sajambula munthu amene wakana. Ndati ndi bwino choncho. Akutinso ndodo yathyoka, amayi amene akuwajambula manja awo ali pa ntchito, pakufunika wogwira fulashi.

Ndamuonetsa manja anga. Akuti, "Ndawaona kale pa kapu ya tiyi. Nyali ilibe nazo ntchito."

Madzulo ndayesanso kwa eni ake. Yankho: "Mwakalamba ndi kamera m'mutu." Ndasiya. Atsala masiku atatu.

Lachinayi, 18 Julayi

Ndilemba motalika, dzanja likalola.

M'mawa a Rute abwera kudzadzionetsa. Fyness wawatumizira chithunzi pa foni, akuyenda nacho mudzi wonse. Amake Zahra anali pamkeka akupinda zovala za ulendo. Anakana kuyang'ana, kenako anayang'ana ndi diso limodzi, kenako analanda foni.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndikuti mwina aona nkhope ija mmene yagwirira.

Akuti, "A Rute, kupeta kwake kumeneku? Mpunga ukugwera kunja kwa lichero. Taonani mizere iyi, yonseyi ikupita kwa nkhuku."

A Rute akuti, "Iii, a Mwanaisha, ndi sitayilo ya chithunzi."

"Sitayilo yotaya mpunga wa faya. Ndipo adzaonetsa anthu a ku Dwangwa kuti amayi a kuno timapeta chonchi?"

"Ndiye kapeteni inuyo, aphunzitsi."

Anadzuka. Zinatenga nthawi, anagwira khoma, koma anadzuka. Anatenga lichero lawo lakale lija lomwe salola munthu kuligwira. Kwa Fyness akuti, "Iwe mwana, ujambule mpunga. Mutu wangawu uusiye." Fyness akuti, "Amama, kamera iona zonse. Koma mukaona inuyo poyamba. Mukakana ndifufuta pamaso panu." Anaganiza. Akuti chabwino.

Tinalowa m'chipinda chathu cha matumba. Zenera tinatseka ndi chiguduli. Chitseko Fyness anachisiya mpata wa zala zinayi, kuwala kunagwera pa lichero pokha. Ine anandiimika kumanzere kwa kamera, pafupi ndi khoma, fulashi m'manja, ambulera tinaisiya. Akuti ndiikweze kupitirira mutu wanga, ndiloze pa tsaya.

Choyamba: ndinawalitsa denga. Chachiwiri: matumba. Chachitatu amake Zahra anatsinzina. Phewa linayamba kuyaka. Fulashi ikugogoda khoma ndi kunjenjemera kwanga, ko ko ko, aliyense akumva. Ndinati tisiye, ndatopa, ndipo ndinatopadi.

Koma iwo anali atayamba kupeta zenizeni. Ndinali nditaiwala. Manja awo amene masiku ano amataya tiyi, akagwira lichero amadziwa njira. Mpunga m'mwamba, mankhusu uko, mpunga pansi, palibe njere yogwa. Mutu ukugwedezekabe, koma ngati ukuvomera nyimbo ya licherolo.

Kamera ija imalira kawiri, osati kamodzi ngati yanga. Tcha, kenako kadanga, kenako tcha. M'kadanga kameneko ndi momwe mkono wanga unkatsikira. Amake Zahra anaona. Osasiya kupeta anatembenukira kwa ine, akuti, "Kwezani mkono, abambo inu, ntchito yake imodzi yomweyi."

Ndinakweza. Kunang'anima.

Fyness anayang'ana pa galasi. Anachotsa kamera pa miyendo n'kupita nayo kwa eni ake monga analonjezera, ine osandionetsa. Amake Zahra anapukuta manja pa chitenje. Anayang'ana. Akuti, "Mutu umodzi." Kenako akuti, "Ndipo palibe wagwa pansi. Kaitane a Rute."

Ine ndinaona pomaliza. Mpunga wakwera ngati utsi woyera n'kupinda kubwerera m'lichero. Manja ndi mphepo chabe. Nkhope yagwira, makwinya onse, ndolo, diso likuwala. Koma sakuyang'ana kamera. Ayang'ana kumbali, kukamwa kotsegula pang'ono, akukalipa.

Ndati tibwereze, munthu ayenera kuyang'ana kutsogolo, atseke pakamwa. Amake Zahra akuti msana wakwana. Fyness akuti ngakhale akanalola, iye sakanabwereza.

Swala ya masana ndaswali chokhala. Mkono sukukwera.

Lachisanu, 19 Julayi

Fyness wapita pa boma kukachapitsa chithunzi pa pepala. Magetsi kulibe chiyambire m'mawa. Wadikira mpaka atseka.

Ku mzikiti anzanga a Yakubu akuti amva kuti ndabwerera ntchito, tsopano ndine ndodo ya nyali. Ndati inde, ndodo yake yopindika. Aseka. Ine kuseka kwake sikunafike pansi.

Fyness akuti angathe kunditumizira chithunzicho pa foni. Foni yanga ndi ya mabatani.

Zikwama ziwiri zaima pakhomo. Lichero amake Zahra alipachika pa msomali, akuti ku Lilongwe mpunga umabwera wopetapeta. Andionetsa pomwe pali mchere, pomwe pali singano, ngati ndine mlendo m'nyumba muno. Mwina ndine.

Loweruka, 20 Julayi

Zahra wafika ndi mwamuna wake dzuwa lisanatenthe. Akufulumira, akuti msewu wa ku Salima ndi woipa. Ndinawachedwetsa ndi tiyi. Ndinawachedwetsa ndi thumba la mpunga, ndati limangidwenso. Zahra akuti, "Ababa, mukudikira chiyani?" Ndati palibe.

Amake atakhala kale m'galimoto, kabaza waima pa mango. Fyness, envulopu yaikulu pachifuwa. Magetsi anabwera m'mamawa.

Munali zithunzi ziwiri. China chija. Chinzake sindinkachidziwa: pamene ankayesa kuwala tisanayambe, anandijambula ine. Nkhalamba yaima pakhoma, mkono m'mwamba, dzanja lafufutika ngati phiko la mbalame, nkhope yochita mantha. Ndati ichi ndiye chowonongeka zenizeni.

Amake Zahra anatulutsa dzanja pa windo. "Bweretsani." Anachiyang'ana, mutu ukukana monga mwa masiku onse. Akuti, "Ndi inuyo ndithu. Mkono wotsika." Anachilowetsa m'chikwama cha m'manja, momwe muli makadi a kuchipatala. Chawo anandibwezera osachiyang'ananso. Akuti, "Musachiike padzuwa. Ndipo muzidya."

Galimoto inapita. Fyness ndinamuthokoza, mawu anali ochepa. Ndinamupatsa kamera yanga yakale, akuti aipukuta galasi aiike pa shelefu mu situdiyo. A Rute anandiitanira chakudya, ndati mawa.

Lamulungu, 21 Julayi

Nyumba yakula.

Chithunzi chawo ndachikhoma pabalaza, khoma losafika dzuwa, misomali inayi ing'onoing'ono. Zanditengera m'mawa wonse, nyundo ikuphonya. Nditakhala pa mpando wanga ndinaona kuti chikundivutabe. Munthu ali m'nyumba mwako koma akuyang'ana kwina, ku kona kopanda kanthu.

Ndinakhala choncho kanthawi. Kenako ndinadzuka n'kukoka mpando. Wolemera, ndinapuma kawiri. Kumanzere, pafupi ndi khoma, monga ndinaimira ndi fulashi. Pang'ono kutsogolo. Ndinakhala.

Apa ndiye andipeza. Akundiyang'ana ine, kukamwa kotsegula.

Tiyi ali pa tebulo uko, patali ndi mpando tsopano. Tebulo ndikoka mawa.