Khoma la Mayi Dorica Lisagwe Tiyamike Asanafike

Gulu la Amayi Otsutsuta ndi Kujambula Nyumba
Mitundu ndi Nathenje

Kwa bambo Efulemu Kachingwe, eni mbumba. Kwa abale onse a m'mudzi mwa Msekeni. Kwa mwana wa malemu, Tiyamike, kumene ali ku Joni. Ndi kwa onse amene uthengawu uwapeze.

Ife amayi a gulu lino, amene manja athu adakulira m'dothi, tagwidwa ndi nthumanzi ndi chisoni chosaneneka pa imfa ya mnzathu ndi mphunzitsi wathu, Mayi Dorica Kachingwe, amene adatisiya pamene nkhuti yokumbamo dothi loyera, m'mbali mwa mtsinje wa Nathenje, idawagwera ali mkati. Imfa ya matenda imagogoda, anthu n'kuyala mphasa, n'kutuma mthenga kwa abale. Koma iyi idabwera dzuwa likuswa mtengo, n'kutenga munthu amene mmawa womwewo adatipatsa moni pamjigo, khasu lili paphewa, beseni lili kumutu.

Amene ndikuyankhula ndine Nachisale, wapampando wa gululi. Pakhomo la sukulu sindidapondepo, choncho ine ndikunena pakamwa, mlembi wathu Mayi Lilian ndiye akulemba, ndipo ndawauza kuti asandiwongolere, alembe momwe mawu akutulukira. Dera lonse limandidziwa kuti ndine wamantha. Kabaza sindikwera, mlatho wa mitengo sindiwoloka, mwana akakwera mumtengo wa mango ndimaima pansi mpaka atsike. Pampandowu adandiikapo pofuna munthu woti aziti "ayi" ena onse akamati "tiyeni". Lero pa mpando womwewo ndakhalapo ndi misozi.

Ntchito ya Mayi Dorica sitingaifotokoze n'kuimaliza. Kutsutsuta nyumba tonse tidaphunzira kwa amayi athu, koma ife tinkangopaka mtsiro m'munsi, katondo m'mwamba, kamzere pakati, basi tathana nazo. Iwo ndi amene adatisonyeza kuti khoma limatha kusimba nkhani. Adatiphunzitsa kuti kufiira kwa katondo wa pachulu n'kosiyana ndi kwa katondo wa m'mbali mwa msewu. Kuti makande a kudambo ukawasakaniza ndi makala osinja amada bii ngati mitambo ya mu Januwale. Kuti phulusa la zitsononkho limatulutsa mtundu wa njiwa. Ndiponso kuti dothi loyera liyambe lagona m'madzi, apo ayi limang'aluka likauma. Burashi yawo idali chikhatho, chala, ndi kamtengo kotafuna kunsonga. Anzathu ogwira ntchito m'minda ya fodya, amene kwawo n'kutali, ankabwera kudzawafotokozera maonekedwe a mapiri a kwawo, iwo n'kuwajambulira pakhoma la msasa, ngakhale ankadziwa kuti fodya akapita ku okushoni msasawo upasulidwa. Pagolosale ya Mayi Umi pa Nathenje, popeza eni ake ndi Asilamu ndipo safuna zithunzi za anthu, adajambulapo mapapaya ndi mpendadzuwa, mpaka ena amatsika minibasi kuti angoona. Ndipo mitengo imene idathera m'zigafa za fodya, kachere wa pamphambano uja, mibawa ya kudambo ija, ana a masiku ano amaidziwira pa makoma a Mayi Dorica, chifukwa pamene idali patsala zitsa zokha.

Ndikawafunsa kumene amazitenga zonsezi, ankaseka. "Agogo, dziko lino mwini wake adalipenta kale, ine ndimangotola zimene inu mukuponda. Taonani khosi la mkazi wosenza nkhuni momwe limaumira. Taonani phiri la Bunda kukamacha, mudzalionenso kukamada, muona kuti si phiri limodzi." Mvula ikakokolola ntchito yawo chaka ndi chaka, ife tinkadandaula, koma iwo ayi. Ankati mvula si mbala, ndi mwini dothi wabwera kudzatenga chake, ndipo chilimwe chikafika adzabwerekanso.

Chinthu chimodzi chokha ndidawaletsa. Ine ndidakula ndikumva kuti nkhope ya munthu wamoyo ikaikidwa padothi, dothilo limayamba kuitana mwini nkhopeyo. Tsiku lina kalekale ndidawapeza akuyamba kuumba mphuno ya munthu pakhonde la eni, ndipo ndidawagwira dzanja.

"Iwe Dorica, ukufuna tidye nyemba za maliro a yani?"

"Koma agogo inu! Mumaopa ngakhale chithunzithunzi chanu chomwe."

"Ee, ndimachiopa, n'chifukwa chake ndakalamba. Anzanga olimba mtima aja ali kuti lero?"

Adaseka mpaka kukhala pansi, koma adandimvera. Kuyambira pamenepo anthu onse a pa makoma awo ankawajambula chakumbuyo, ali paulendo, akuloza kwina. Chodabwitsa n'chakuti palibe amene adasowa. Aliyense ankadziwika ndi mayendedwe ake, kapendekeke ka phewa, kamangidwe ka chitenje. A Mateyu ogulitsa makala atadzipeza pakhoma la kuchigayo adabwera akutukutira: "Mayi, pa thupi lonseli mwangoona dazi lokha?" Iwo osacheuka n'komwe: "Nanga china chimene chimawala pa inu n'chiyani, bambo?" A Mateyuwo pamaliro paja ndi amene adalira koposa amuna onse.

Tsono ndifike pa khoma lomaliza, chifukwa ndi limene landikhazika pansi kuti ndiyankhule nanu.

Mukudziwa nonse kuti Mayi Dorica adali ndi mwana mmodzi yekha, Tiyamike, amene adapita ku Joni kukagwira ntchito za m'nyumba, ndipo papita zaka osaponda kuno. Chaka chino adaimba foni kuti afika kumapeto kwa Novembala. Mayi ake atamva, tulo tidawathera ndi chimwemwe, n'kuyamba kujambula khoma la nyumba yawo, lija lopenya kumsewu. Adatiikapo tonse a gulu lino, tili pamzere, mabeseni kumutu, tikulowera kudambo, tonse chakumbuyo monga mwa nthawi zonse. Koma pafupi ndi chitseko adaikapo mkazi mmodzi ataima, wacheuka, akuyang'ana kumsewu. Nditafika, ndidaloza mkaziyo n'kuwafunsa.

"Uyu wacheukayu ndani?"

"Ndine, agogo."

"Fufuta."

"Ayi, agogo, kano kokha mundikhululukire. Nkhope ndi yanga, sindinabe ya munthu. Mwana wanga akamadzatsika minibasi ndi zikwama zake, asadzapeze nkhongo zokhazokha. Ndikadzakhala ndili kumunda, pakhale wina womuyang'ana."

Nkhope ija adaimaliza yonse, duku, masaya, kamwa lofuna kuseka. Adatsala maso okha, chifukwa dothi loyera lidawathera. Masiku omwewo kudagwa chizimalupsa, mvula ija yoyamba yozimitsa lupsa, ndipo ndidawauza kuti nkhuti yamwa madzi, adikire iume. Nkhuti imeneyo tidaikumba tokha zaka zambiri, kulowera pansi pa gombe, mpaka kumwamba kudatsala ngati denga. Ndakhala ndikuinena mpaka anzanga kunditcha belu la tchalitchi.

"Ndingotapa kambale kamodzi, agogo, ka maso okha. Mukufuna mwana adzapeze mayi wakhungu?"

Adapita ndi mnzathu wa m'gulu, Mayi Kettie, amene adatsala panja kuti azilandira. Mayi Kettie akuti sadamve kukuwa, adangomva ngati thumba la chimanga lagwa pangolo, kenako fumbi. Amuna a m'midzi yoyandikana adathamanga ndi makasu, ena adakumba ndi manja mpaka zikhadabo kuchoka, ndipo tikuwathokoza onse, pamodzi ndi mafumu, mipingo, ndi abale athu a kumzikiti amene adabwera kudzakhuza. Koma dothi limene Mayi Dorica adalilemekeza moyo wawo wonse silidawabweze ali moyo.

Bambo Efulemu, inu ndinu mlongo wawo wa malemu, ndipo mawu anu ndi amene amamanga ndi kumasula pambumba. Tidamva pamaliro mukulengeza kuti Loweruka likubwerali, pa tsiku la kumeta, siwa, nyumba ija ya malemu, igwetsedwa monga mwa mwambo, popeza mulibe wina wokhalamo. Mudanenanso kuti nyumba yopanda munthu, yokhala ndi nkhope yopanda maso, ingasanduke pogona mzimu, ndipo ana ayamba kale kulambalala njira ija. Kenako mudanditembenukira ine: "Anachisale, kodi si inu nomwe munkanena?"

Ndinkanena, bambo, ndipo sindikubweza. Kaya chidawaitana ndi khoma, kaya ndi chizimalupsa chidafewetsa gombe, ine sindidziwa, ndipo amene akudziwa agona chete. Mantha anu ndimawadziwa chifukwa ndi anga omwe. Ine ndemwe, chichitikireni maliro, ndikamadutsa pamenepo ndimaphimba kumaso ndi chitenje.

Koma tamvani za mwana. Tiyamike sadaone nkhope ya mayi ake. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno thupi silikadadikira, ndipo iye mabwana ake sadamumasule. Adamva nyimbo za kumanda kudzera pafoni, ali chiimire m'khitchini mwa eni. Ena amujambulira khoma lija pafoni n'kumutumizira, ndipo ena mwa inu mwati basi zakwana, waona. Dzana adaimba pafoni ya Mayi Lilian, n'kupempha kuti ayankhule ndi ine.

"Agogo, mufonimu muli kamunthu ngati nyerere. Akuti pakhomapo zala za amayi zikuoneka m'dothi, n'zoona?"

"N'zoona, mwana wanga. Pamasaya pali mizere ya zala zawo."

"Ndiye muwauze amalume andidikire. Ndikufuna ndidzaike dzanja langa pamene amayi adaika lawo. Akatero agwetse, sindidzatsutsa."

Sadalire. Akadalira, mwina ndikadalimba mtima n'kumuuza kuti mwambo ndi mwambo. Koma adayankhula ndi mawu ouma ngati munthu amene misozi yamuthera, ndipo ine mwana wotere ndimamuopa kuposa mzimu. Mwana amene wabwerera kwawo n'kupeza bwinja, manda okha n'kumulozera, ameneyo amatembenuka n'kukwera minibasi yomweyo, ndipo mbumba siidzamuonanso. Mwataya mlongo, bambo Efulemu. Samalani mungataye ndi mwana wake yemwe.

Choncho gulu lathu, litakhala pansi ndi kugwirizana, likupempha modzichepetsa kuti mwambo usathetsedwe, koma udikire. Metani Loweruka monga mudakonzera, koma siwa iime mpaka Tiyamike afike. Malemu sadafunepo kuti khoma lawo likhale mpaka kale. Ankadziwa kuti cha dothi chimabwerera kudothi. Chimene adafuna n'chakuti mwana wawo adzapeze womuyang'ana. Za mvula musade nazo nkhawa: anzathu a m'minda ya fodya alonjeza mapepala a pulasitiki a m'zigafa, ife tabweretsa udzu, ndipo titchinga khomalo kuti dontho lisaligwere.

Ndichenjezenso, popeza ndiyo ntchito yanga. Pasapezeke munthu, kaya wa m'gulu kaya wakunja, woti mwa chifundo akamalize maso aja. Dzanja limene lidawayamba lapita, ndipo akhale momwe adawasiyira. Ana asatsamire khomalo, mbuzi zimangidwe kutali chifukwa zimanyambita mtsiro. Ndipo kunkhuti kuja, amayi inu, ndamva kale kuti ena mukunong'onezana zoti Khirisimasi yayandikira, nyumba zikufuna kuyera. Nyumba zikhale zakuda chaka chino. Gululi latseka nkhuti imeneyo, ndipo amene apiteko adziwe kuti akupita yekha, dzina lake talichotsa pakati pathu.

Chatsala ndi chija mudanena, bambo, chakuti nyumba yopanda munthu ndiyo imaitana zoipa. Pamenepo mwanena zoona, ndipo sindingakupempheni kuti ana a mbumba yanu asenze mantha chifukwa cha pempho lathu. Nyumbayo siikhala yopanda munthu. Ndikagonamo ine. Anzanga nditawauza adaseka pakati pa misozi, amvekere, "Agogo, inu amene kumanda mumazungulira kutali?" Ee, ine ndemwe. Sindikunena kuti mantha andichoka. Koma ine ndadya zaka zanga, mano adatha, zidzukulu zidakula. Ngati m'nyumbamo muli choti chigwire munthu, chigwire ine, chisiye ana. Ndizikoleza moto mmawa uliwonse kuti utsi uzioneka, ndizisesa pabwalo, mpaka tsiku limene Tiyamike adzatsike pamsewu paja. Akadzachotsa dzanja lake pakhomalo, khasu loyamba logwetsera ndidzakupatsirani ndine.

M'malo mwa amayi onse a gulu lino, a ku Mitundu ndi a ku Nathenje, akulu ndi ang'ono, tikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima kwa inu eni mbumba, kwa abale onse a banja la Kachingwe, ndi kwa iwe Tiyamike, mwana wa tonsefe. Chauta, amene adaumba munthu ndi dothi lomweli, akulimbitseni mawondo pamene mwafooka, akupukuteni misozi pamene anthu atopa kukupepesani, ndipo mzimu wa Mayi Dorica Kachingwe uuse mumtendere.

Yankho lanu, bambo Efulemu, musavutike kulituma kunyumba kwanga. Mphasa ndi bulangete ndanyamula kale; mundipeza pakhonde la mlongo wanu.

Ndatsindika ndi chala changa,
Nachisale
Wapampando, Gulu la Amayi Otsutsuta ndi Kujambula Nyumba