Kompyuta Yanga ndi Firiji ya Mayi Itto

Lolemba, 15 Januwale

Ndafika. Maola asanu ndi limodzi kuchokera ku Marrakech, awiri omalizawo m'galimoto ya katundu, nditapanikizika pakati pa matumba a balere ndi nkhosa yomwe inkandiyang'ana ngati ndinailakwira. Kuzizira kwake! Zala zikukana kugwira cholembera.

Kachipatala ka ku Ait Zerrad. Zipinda zitatu, mapanelo a sola padenga, mabatire anayi m'kachipinda ka kuseri. Firiji ya katemera. Ndiye pakona, itafunditsidwa nsalu ya patebulo ngati maliro, kompyuta yathu. Mmenemo muli pulogalamu yomwe ndaivutikira zaka ziwiri, yosunga mayina a odwala ndi masiku a katemera wa ana. Yozimitsidwa kuyambira pa 28 Disembala.

Anaizimitsa ndi Mayi Itto, namwino wa pano. Aafupi, magalasi pansonga ya mphuno, zaka 23 pachipatala chomwechi. Moni wawo: "Ndiwe mwini wake wa chilombochi? Khala pansi, imwa tiyi, ndikukalipire utafunda."

Akuti mwezi watha alamu ya firiji inalira kawiri mbandakucha, mabatire atatheratu. Kachiwiriko katemera wa ana a midzi isanu ndi inayi anatsala pang'ono kutayidwa. Atazula kompyuta kumagetsi, alamuyo sinalirenso. Nditsutsa chiyani pamenepo?

Mkulu wa zaumoyo m'chigawo chino akubwera Lachinayi la sabata yamawa. Mayi Itto akuti: "Kompyuta yakoyi ikakhala isanaphunzire kudya pang'ono, akwera nayo galimoto." Ndipo abwana, a Si Abdelkebir, anandikumbutsa katatu ndisananyamuke kuti zipatala zina khumi ndi chimodzi zikudikira zimve kaye za kuno. Ikakanidwa pano, basi yakanidwa konse.

Koma tiyi wake ndi wabwino zedi.

Lachiwiri, 16 Januwale

Dzuwa lowala, mphepo yobaya mpaka m'mafupa. Andilola kuyatsa kompyuta masana okha.

Ndabwera ndi kamita koyezera magetsi. Firiji: mawati 40, ndipo imapumira. Kompyuta pamodzi ndi kabokosi kake kogwira netiweki: mawati 70, osapuma ngakhale mphindi imodzi. Kachinthu kakang'ono ngati buku, kakudya kuposa firiji! Kuika dzanja pamwamba, n'kotentha. Mphaka wa pachipatala wadziwa kale, wagona pomwepo.

Chondiseketsa: pakompyutapo pali chomata cha kampani yathu, cholembedwa kuti "pulogalamu yosamala chilengedwe". Mayi Itto achiwerenga mokweza, pang'onopang'ono, kenaka n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Bola akanandikalipira.

Wolakwa ndamudziwa. Soufiane, mnzanga wa kuntchito, ndi katsamba kake kobiriwira kozungulirazungulira pagalasi la kompyuta tsiku lonse. Ndakwera padenga, poti m'pamene foni imagwira, ndamuimbira kuti ndimunyogodole. Iye: "Zhor, tsamba langa ulisiye. N'lokhalo lokongola m'pulogalamu yonseyo."

Ndalichotsa. Kuchoka pa 70 kufika pa 68.

Mawati awiri okha. Soufiane sindimuuza lero.

Lachinayi, 18 Januwale

Manyazi.

Masiku awiri ndikufufuza mzere ndi mzere. Lero cha m'ma 11 ndachipeza. Pulogalamu imayenera kutumiza zolemba za odwala kulikulu. Isanatumize imayamba yasonkhanitsa zonse, zithunzi za makadi ndi zina, n'kuzimanga mtolo umodzi. Ikapeza kuti netiweki palibe, imamasula mtolowo, n'kuyambanso kumanga. Pompopompo. Osadikira ngakhale kamphindi. Kumanga, kugogoda, kumasula, kumanga. Usana ndi usiku, kwa miyezi isanu ndi inayi.

Ku Marrakech sitinazione chifukwa netiweki simasowa. Imagogoda kamodzi, chitseko n'kutseguka.

Ndinayang'ana kuti analemba mizere imeneyo ndani, mtima uli dyokodyoko kuti ndipeza dzina la Soufiane. Zhor Benhaddou. Mwezi wa Malichi, chaka chadzana. Ndikukumbukira ndi tsiku lomwe, ndinkathamangira ku ukwati wa msuweni wanga. Ndinalembanso kachikumbutso pambali pake: "ndikonza mawa".

Ndatuluka panja, ndakhala pamwala. Kaya ndiseke kaya ndilire. Ana a midzi isanu ndi inayi, chifukwa cha ine ndi diresi ya kuukwati.

Ndawauza Mayi Itto zonse, osabisa. Ndimayembekeza moto. Iwo angopitiriza kupinda mabandeji. "Chabwino n'chakuti wolakwayo tili naye pompano, sitichita kumuitanitsa kutauni." Kenaka andipatsa buledi wa balere ndi mafuta a olivi.

Ndamuimbiranso Soufiane kupepesa. Waseka mpaka kutsokomola. Akuti tsamba lake ndilibwezere, ndipo ndilipepesenso lokha.

Lachisanu, 19 Januwale

Kusikusi, chakudya cha kuno cha timibulu ta ufa wa tirigu, kwa Bambo Hmad, mlonda wa pachipatala, yemwenso amapukuta mapanelo m'mawa uliwonse ndi nsanza yomangirira kundodo. Akazi awo, Mayi Fadma, andidyetsa mpaka kulephera kudzuka. Maungu, mpiru, nyama ya mbuzi. Akuti ndine wowonda ngati waya wa foni, ndipo n'chifukwa chake sindinakwatiwe. Ndawauza kuti amayi anga anawatuma.

Ndimawafotokozera bambowo vuto langa, ndi manja, ndi masupuni. Amvetsera bwinobwino. "Ndiye kuti makina akowo ngopusa kuposa bulu wanga. Iye akapeza geti lotseka amangoima n'kugona chiimire. Akamva loko ndiye amadzuka."

Kenaka andiuza chinthu chomwe palibe aliyense kuofesi akuchidziwa. Netiweki ya kuno ili ndi nthawi yake. Imabwera dzuwa likafika pamutu, n'kumachoka mithunzi ikayamba kutalika, chifukwa mlongoti wa kuseri kwa phiri nawonso umayendera sola, ndipo mabatire ake anakalamba. Mudzi wonse umadziwa. Ndiye chifukwa chake anthu amakwera pamadenga akatha mapemphero a masana. Ine ndimaganiza kuti akuothera dzuwa!

Basi, nzeru ndi yomweyo. Pulogalamu izitumiza masana pokha, dzuwa lili lambiri, netiweki ilipo. Ikalephera, idikire ola lathunthu. Nthawi ina yonse igone, kabokosi ka netiweki kazime.

Ndalemba madzulo onse. Mtima mbee.

Loweruka, 20 Januwale

Mawati 9 ikagona. 24 ikamagwira ntchito. Ndayeza katatu, ndavina ndekha m'kachipinda ka mabatire.

Wodandaula ndi mphaka yekha. Wakwera pakompyuta, wapeza pozizira, wandiyang'ana, watsika.

Lolemba, 22 Januwale

Ndinavina msanga.

Tsiku la katemera. Amayi oposa makumi atatu pamzere, ana kumsana, ena ayenda maola awiri kutsika phiri. Mayi Itto avomera kuti tiyese kompyuta pamaso pa anthu. Mayi woyamba watchula dzina la mwana. Ndadina. Zii. Ndadinanso. Galasi lakuda bii. Ndinaigonetsa tulo tofa nato, moti imatenga pafupifupi mphindi yathunthu kuti idzuke, ndipo ukangoisiya pang'ono kuti ubaye mwana, yagonanso.

Mwana aliyense, mphindi imodzi yongoyang'anana. Mayi wina wa mpango wofiira kumbuyo: "Mwina muifungatire, ikumva chisanu!" Mzere wonse kuseka. Wina akuti tiithire tiyi. Ine thukuta kamukamu, m'Januwale.

Pa mwana wachisanu ndi chimodzi Mayi Itto atulutsa kaundula wawo wakale wa pepala, phaa patebulo. Ntchito yayenda. Ine ndasanduka wogwira miyendo ya ana.

Anthu atapita, Mayi Itto: "Poyamba inkadya osagwira ntchito. Tsopano sikudya, ntchitonso sikugwira. Mwanawe, pakati palibe?"

Masiku atatu atsala. A Si Abdelkebir atumiza uthenga wofunsa ngati angauze kale zipatala zinazo kuti zonse zili bwino. Sindinayankhe. Ndidzanena kuti netiweki inavuta, ndipo kuno limenelo si bodza lalikulu.

Lachitatu, 24 Januwale

Dzulo lonse ndinangokhala pampando kuwaonerera Mayi Itto akugwira ntchito, wotchi m'manja. Zaka ziwiri ndikuwalembera pulogalamu, ndinali ndisanaonepo mmene tsiku lawo limayendera. Amatsegula 8 koloko. Pakati pa wodwala ndi wodwala pamapita mphindi zisanu, zikachuluka khumi. Ikakwana 3 koloko anthu atha. Zithunzi za makadi, zomwe tinkanyadira nazo kuofesi, sanatsegulepo n'chimodzi chomwe. Amangofuna dzina, mudzi, katemera wapita ndi wotsatira.

Ndiye ndakonza motere: nthawi ya ntchito iziwodzera chabe, galasi lozima koma mutu uli maso. Kuikhudza, yadzuka. Tulo tenitenito kuyambira 4 koloko. Zithunzi zizipita kamodzi pa sabata, zazing'ono.

Mayi Itto ayesa okha, ndi chala chimodzi, ngati akugwira mphika wotentha. Dzina latuluka asanachotse chala. Ayesa lina. Lina. Afufuza mdzukulu wawo. "Hmm." Basi, "hmm" yekhayo. Ndamulandira ndi manja awiri.

Masana kwayamba kugwa chipale chofewa. Bambo Hmad ayang'ana kuphiri, akuti ichi si cha tsiku limodzi.

Lachinayi, 25 Januwale

Msewu watsekeka. Mkulu uja sabwera. Dzuwa silinaoneke n'komwe.

Mayi Itto afuna kuzula kompyuta, kuopa za mwezi watha zija. Ndawapempha, mpaka kuwagwira mkono. Ngati singapirire nyengo ngati ino, ndiye ntchito yake n'chiyani? Tagwirizana: mabatire akatsika kufika pa theka, ndizula ndekha, osakangana. Akuti ndilumbire. Ndalumbira.

M'mawa mabatire ali pa 88 peresenti. Madzulo 79.

Bambo Hmad akwera padenga kanayi kukasesa mapanelo. Ndinafuna kuwathandiza, andibweza. Akuti ndikagwa alibe mawu okawauza amayi anga.

Loweruka, 27 Januwale

Tsiku lachitatu la mitambo. Dzulo madzulo 66. Lero m'mawa 57. Ndimangopitapita kukachipinda kaja ngati ndili ndi wodwala mmenemo. Chakudya chosalowa. Firiji ili phee pa madigiri asanu, osalira.

Cha m'ma 10, 54. Ndinayamba kale kuyang'ana pulagi.

Itangopitirira 11 mitambo yang'ambika. Dzuwa! Phiri lonse kunyezimira mpaka maso kuwawa. 55. 58. Ndakuwa ngati mwana, mphaka wathawa.

Masana Mayi Itto akwera okha padenga ndi foni yawo, siketi atagwirira m'manja, kukaimbira mkulu wa zaumoyo. Ine pansi pa makwerero, makutu tcheru. Nkhani ya msewu, nkhani ya mankhwala a chifuwa omwe akuchepa, moni kwa akazi awo. Kumapeto kwenikweni: "Za kakompyuta kaja, kasiyeni. Kaphunzira ulemu."

Potsika andipeza ndikupukuta maso. Akuti ndi mphepo imeneyo, imachita aliyense wa kutauni.

Abwana ndawayankha tsopano. Asangalala, mauthenga asanu ndi awiri motsatizana. Akufuna lipoti Lachiwiri, lokhala ndi nambala yaikulu pamwamba: magetsi amene tapulumutsa patsiku. Akuti anthu otithandiza amakonda nambala zotere. Ndawerengera. Yatuluka yokongola ndithu.

Lolemba, 29 Januwale

Msewu atsegula, galimoto ikubwera 2 koloko. Chikwama ndamanga. Mayi Fadma alowetsamo mtedza, uchi ndi buledi wokwana banja lonse.

M'mawa ndinapita kukayeza komaliza kuti ndimalize lipoti. Mabatire atsika kuposa mmene ndimayembekezera. Ndalakwitsanso pati?

Kulowa m'chipinda chapakati, ndamva kulira kwa kamakina kachilendo. Mayi Itto atulutsa m'kabati makina opumitsira ana mankhwala a chifuwa, aja otulutsa nthunzi. Akuti anabwera chaka chatha, koma sanayerekeze kuwalumikiza nthawi yozizira, magetsi ake akanachokera kuti? Ana obanika ankawatumiza kutauni, maola awiri pagalimoto, msewu ukakhala wotseguka. Kuyambira dzulo apumitsa ana anayi. Pabenchi panali wachisanu, kamtsikana ka zaka ziwiri, Tamou, chifuwa chikulira ngati wenzulo, bambo ake atakanyamula m'chikhoti chawo kuchokera kumudzi wa pamwamba.

Ndinawauza kuti Mayi, magetsi onse omwe ndapulumutsa aja mwawadyatu. "Nanga umawasungira ndani?"

Ndiye lipoti langa. Magetsi opulumutsidwa patsiku: palibe, ngakhale wati imodzi. A Si Abdelkebir akomoka. Ndakhala pano theka la ola ndikuseka ndekha, kufunafuna mmene ndingalembere kuti amvetse, mwina ndingoyamba ndi dzina la...

Akundiitana. Tamou akukana chophimba kumphuno, akuti ndibwere ndimugwire manja, ndipo ndisiye kulembalemba.