Zala Zitatu za Chijeke

Lolemba, 4 Okutobala 2010

Rhoda. Mlamu wanga Rhoda, mkazi wa achimwene a Stewart. Ndalemba dzina lake poyamba kuti tsiku lina mtima ukadzafewa ndidzawerenge pano n'kukumbukira.

Wang'amba masamba asanu m'kope langa la Chijeke n'kupatsa amuna ake kuti azipichirira chingambwe. Akuti ankayesa ndi kope lakale la masamu. Masamu ake ati okhala ndi chimunthu chosenza ngolo ndi ng'ombe zake zomwe? Chimalizireni mayeso a Fomu 4 ndakhala ndikujambula katuni imeneyi, iye kung'amba ngati akusadzula nkhwani.

Nditamufunsa wangoti, “Pepani alamu, si mapepala basi?” Ndatuluka msanga ndisananene za mphuno yake.

Lachiwiri, 5 Okutobala

Zaipa. Achimwene sanasute masamba onse aja. Anapita nawo ku bawo pa Santhe, anzawo n'kumalandizana, ndipo a Hussaini a golosale amata tsamba limodzi pakhoma pafupi ndi sikelo. Tsamba lake lachiyambi lija.

Ndilembe muno poti kope laduka. Chijeke anali munthu wamba pa esiteti. Tsiku lina akuba fodya, jeke yodindira mabelo inamupana dzanja n'kudula zala ziwiri, koma mphamvu yonse ya chitsulocho inalowa m'magazi mwake. Kuyambira pamenepo akakumbatira munthu amamufinya mpaka asanduke belo. Chigafa choumitsiramo fodya amazula ndi dzanja limodzi. Chikwanje chimapindika pakhungu pake. Amameza makuponi a mudzi wonse n'kumabwira feteleza ngati shuga, ndipo thumba lililonse limamutalikitsa. Amaopa mvula yokha, poti amachita dzimbiri.

Vuto ndi dzanjalo. Kuno konse wa zala zitatu ndi mmodzi: atsibweni a Zakeyo, achimwene awo a amayi. Ndi iwonso amene akulemba maina a olandira makuponi a feteleza mu komiti, ndipo maina awerengedwa Loweruka.

Sindinalembe kuti ndi iwo. Ndinangojambula. Koma chaka chatha dzina la amayi linasowa pamndandanda, chimanga chathu chinachita chikasu chisanafike m'chiuno, ndipo matumba a feteleza kuseri kwa chitseko cha atsibweniwo ndinawaona ndi maso angawa.

Lachitatu, 6 Okutobala

Kumjigo wina wanena mokweza kuti Chijeke uyo, atsibweni akudutsa pa njinga. Amva. Sanacheuke.

Ndasesa pabwalo kawiri. Ndatenga pensulo, ndaisiya. Ndaitenganso.

Lachinayi, 7 Okutobala

Amayi sanandikalipire, bola akanatero. Angoti tikaphonyanso makuponi chaka chino, nazale ya fodya tikuthirirayi ndi yongotayira madzi, ndipo chimanga tidzakolola chodyetsa mbewa. Akuti mawa ndigwire tambala wofiira uja, ndikagwade kwa atsibweni, ndikanene kuti chinali chibwana. Ndati nanga wong'ambayo akagwada liti? Akuti Rhoda sanajambule dzanja la munthu.

Tambala yemweyo timasungira Khirisimasi.

Rhoda wanditenthetsera madzi osamba osamutuma. Ndawasiya mpaka azizira.

Lachisanu, 8 Okutobala

Ndapita, tambala m'khwapa. Atsibweni ndawapeza pansi pa mtengo wa mango akukonza tcheni ya njinga. Ndagwada, ndanena mawu onse a amayi ngati ndakatulo ya ku pulaimale. Akazi awo alandira tambala osandiyang'ana.

Kenaka atsibweni apukuta manja, atulutsa tsamba lija m'thumba la malaya, lopindapinda. Anakalimatula okha kwa a Hussaini. Aliyang'ana nthawi yaitali. Ine ndimadikira za makuponi. Ayi.

“Iwe Lusungu, anakuuza ndani kuti ndinkaba fodya?”

Ndati palibe, ndi nthano chabe.

“Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Bambo athu atamwalira ndinalowa utenanti m'malo mwawo, amayi ako ali kumsana akuyamwa. Kapitawo anapukusa jeke ine ndikusalaza fodya m'bokosi. M'mawa mwake ndinabwerera kuntchito, nsanza ili padzanja. Mphamvu ukunenayo sindinaione ine.”

Ndangoyang'ana tcheni ija.

Andifunsa ngati Chijekeyo amafa kumapeto. Ndati sindinafikeko. Aseka pang'ono, akuti za mvula zokha ndiye ndinalasa, dzanja limawaphwanya dzinja likamayamba.

Za matumba a chaka chatha zinali pakamwa penipeni. Ndameza. Mpaka pano sindikudziwa ngati ndameza chifukwa cha chisoni kapena chifukwa cha mawa. Za dzina la amayi sanatchulepo. Tsamba sanabweze, alibwezera m'thumba.

Amayi akungondifunsa kuti nkhope yawo inali bwanji. Inali nkhope, basi.

Loweruka, 9 Okutobala

Pabwalo la sukulu anthu ngati tsiku la msika, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Atsibweni awerenga okha maina, dzanja lomwe lija likutsata mzere. Anyamata kumbuyo amatsinana. Maina akutha, dzina la amayi osamveka. Amayi anayamba kumanga ndi kumasula chitenje.

Latuluka chakumapeto. Feliya Nkhoma. Amayi andifinya mkono mpaka zikhadabo zalowa.

Dzina la mayi Modester, oyandikana nafe, amasiye a ana anayi, silinatuluke. Chaka chatha linalimo. Akhala pansi pomwepo mpaka anthu abalalika. Tikudutsa, andiyang'ana, osakwiya n'komwe.

“Tambala ndilibe ine, mwanawe. Pensulo yako ija umabwereketsa?”

Amayi andikoka.

Kope ndaliika pansi pa sutikesi, pansi pa yunifolomu yakale. Rhoda anali pakhomo, wafunsa ngati tsopano zatha. Ndamulambalala.

Nkhani iyi sindidzainenanso, ngakhale muno.